Kodi kwathu tinali ndi usiku wa mwezi wa zokolola ngati wa ku Korea kuno?

Nabanda_Gwangju analemba:

Moni nonse a pabwalo lino. Funso langa likupita kwa amene munakulira kumudzi ng'oma zikadalira, makamaka akuluakulu a ku Dedza, Ntchisi, Kasungu ndi a kunyanja. Kodi makolo athu anali ndi usiku umodzi pachaka, wodziwika ndi dzina lake, umene mwezi ukakhwima anthu atakolola mudzi wonse unkatuluka ndi ng'oma? Kapena tinkangovina mwezi uliwonse ukawala basi?

Ndikufunsa chifukwa ndili ku South Korea kuno, ndikuphunzira za ulimi wa mpunga mumzinda wa Gwangju, ndipo anzathuwa tsiku lotero ali nalo. Amalitcha Chuseok. Limagwa pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yawo yowerengera mwezi wakumwamba, ndiye pa kalendala yathuyi limayendayenda: mu 2023 linali pa 29 Seputembala, mu 2024 pa 17 Seputembala, mu 2025 pa 6 Okutobala. Boma limapereka tchuthi cha masiku atatu, ndipo dziko lonse limanyamuka kupita kumudzi. Matikiti a sitima amatha pasadakhale, misewu yochoka ku Seoul imadzaza moti ulendo umatha kutalika kawiri.

Mnzanga wina wa m'kalasi ananditenga kwawo, kumudzi wina wa m'boma la Haenam, kum'mwera kwenikweni kwa dzikoli. Dzulo lake la tsikulo tinakhala pansi ndi mayi ake ndi azakhali ake kuumba songpyeon, timikate ta ufa wa mpunga watsopano. Umapana kamtanda pachikhatho, kuikamo chitowe chosakaniza ndi shuga kapena nyemba, n'kutseka kuti kaoneke ngati theka la mwezi. Amatiphika ndi nthunzi atayala masamba a paini pansi pake, ndiye timamveka kafungo ka paini. Azakhaliwo ankanena kuti mkazi woumba tokongola adzabala mwana wamkazi wokongola, ndipo anayang'ana tanga n'kuseka mpaka misozi. Mmamawa kunali charye: tebulo lodzaza mpunga watsopano, zipatso, nsomba ndi mowa wa mpunga, banja likugwada ndi kuwerama pamaso pa mayina a makolo awo amene anatisiya. Kenaka tinakwera kaphiri kukaona manda, amene amalume ake anali atawalambula kale masabata apitawo. Mpaka apa sindinadabwe kwambiri. Kutsira nsembe ndi kulambula kumanda si zachilendo kwa mwana wa Mchewa, ngakhale kwathu tinakulira mu mpingo umene unkatiletsa zimenezi.

Zimene zinandigwira mtima ndi za madzulo. Dzuwa likupendeka kunatulukira gulu la oimba pungmul, ena amati nongak, kutanthauza nyimbo za alimi. Avala zoyera, adzimanga nsalu zofiira, zabuluu ndi zachikasu modutsanitsa pachifuwa. Patsogolo pali mbendera yaitali yolembedwa kuti ulimi ndiye maziko a dziko. Wotsogolera saimba ng'oma ayi, amanyamula kachitsulo kamkuwa kotchedwa kkwaenggwari, kamene kamalira mobaya makutu ngati chivundikiro cha poto chikagwa pa simenti. Iyeyo ndiye amasintha liwiro, onse amamvera iye. Pambuyo pake pali jing, chitsulo chachikulu chimene amachimenya kamodzi mawu ake n'kumapita kutali. Ndiye pali janggu, ng'oma yowonda pakati yokhala ndi zikopa mbali zonse ziwiri, ndi buk, ng'oma yonenepa yomenya ndi mtengo. Anyamata ena ali ndi ting'oma tam'manja ndi zipewa zokhala ndi kansalu koyera kakatali, amakazunguza ndi mutu uku akudumpha. Chodabwitsa n'chakuti kuno woimba ng'oma ndi amenenso amavina. Ng'oma waimangirira pathupi, akuyenda nayo, akuzungulira nayo. Anandiuza kuti kale magulu amenewa ankatsagana ndi dure, kulimirana kwa m'mudzi kofanana ndi dima yathu, ndipo ankaimba anthu akupalira mpunga.

Mwezi utatuluka ng'oma zinaleka, amayi analowa m'bwalo. Gule wawo ndi ganggangsullae, ndipo kwawo kwenikweni ndi komweko ku Haenam ndi pachilumba cha Jindo. Alibe ng'oma. Amagwirana manja mozungulira, mmodzi wa mawu abwino amatsogolera nyimbo, ena onse n'kumavomera mawu amodzi omwewo akuti ganggangsullae. Amayamba pang'onopang'ono, mapazi akukwekwereza, kenaka liwiro limakwera mpaka onse akuthamanga, masiketi akuuluka. M'kati mwake muli timasewera: ena amawerama motsatana wina n'kumayenda pamisana pawo, kenaka mzere wonse umadzikulunga ngati mphasa n'kudzifunyulula. Pali nkhani imene aliyense kumeneko amakuuza, yoti pa nkhondo yolimbana ndi Japan imene inayamba mu 1592, mkulu wa asilikali a panyanja Yi Sun-sin anauza amayi kuti azivina chozungulira pamapiri usiku kuti adani aganize kuti asilikali ndi ambiri. UNESCO inaika gule ameneyu m'kaundula wake wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2009, ndipo nongak inalowa mu 2014.

Ine nditaona amayiwo ndinangoti, ichi n'chitelele. Ndinatero mokweza, ndipo mayi ake a mnzangayo anandifunsa kuti nanga kwanu tsiku la mwezi wa zokolola mumalitcha chiyani, mumadya chiyani, mumavina chiyani. Ndinayankha za chitelele ndi chimtali, za nthano ndi ndagi pabwalo, koma dzina la tsiku ndinalibe. Ine ndinakulira ku Area 25, kumudzi kwa amayi ku Nkhoma ndinkangopita pa holide. Tsopano kagulu ka pungmul ka pasukulu pano, kamene ndinalowa kuti ndiziphunzira janggu Lachitatu madzulo, kandipempha kuti ndidzakambe za kwathu kwa mphindi 20. Sindikufuna kukapeka mwambo umene kulibe kuti ndisaoneke wosauka chikhalidwe. Ndithandizeni ndi zoona zake.

Gogo Phiri wa ku Linthipe anayankha:

A Nabanda, mwafunsa bwino, ndipo mwachita bwino kusapeka. Tsiku limodzi lotero ife tinalibe. Ndanena za kwathu kuno ku Dedza, a kwina adzinenere okha. Koma musaganize kuti mwezi sitinkauwerengera. Tinkauwerengera kuposa mmene inu mukuwerengera foni.

Mwezi ukangooneka kumadzulo, kakang'ono, ana ankakuwa kuti mwezi wakhala. Kuyambira pamenepo akuluakulu ayamba kuwerenga. Ngati pali mpalo wa munthu amene anamwalira chaka chatha, kapena chinamwali, kapena kulonga mfumu, ankakhala pansi n'kunena kuti chimera chinyikidwe liti, mowa uphikidwe liti, kuti tsiku lakupsa mowa lidzakumane ndi mwezi uli pamutu. Chifukwa chake n'chapafupi. Anthu ochokera midzi ina ayenda usiku, adutsa m'madambo ndi m'tchire momwe muli afisi, ndipo mchezo ndi wa usiku wonse mpaka mbandakucha. Tochi unali nayo ndani? Nyali ya parafini inali ya m'nyumba ya aphunzitsi. Maliro okha ndiwo sasankha, amabwera ngakhale mwezi uli kumdima, ndipo pamenepo tinkadalira moto.

Tsono nyengo. M'dzinja simungamve ng'oma ya chisangalalo kawirikawiri. Anthu ali kumunda, nkhokwe zapepuka, chimera chichokera kuti? Mu Febuluwale munthu wodya kamodzi patsiku savina. Ng'oma zimadzuka chimanga chikalowa m'nkhokwe, kuyambira cha mu Juni, n'kumakula mu Ogasiti, Seputembala mpaka Okutobala, kufikira mvula yoyamba itagwa makasu n'kutuluka. Ndiye amayi a ku Korea aja mukawauze kuti ife tinalibe usiku umodzi, tinali ndi miyezi inayi kapena isanu, ndipo uliwonse unali ndi sabata yake yowala.

Za ng'oma zenizenizo, popeza mukuphunzira za eni ake, dziwaninso zanu. Pabwalo la gule wamkulu ng'oma siikhala imodzi. Pali mpanje, yaitali ija. Pali gunda, ya mawu akuluakulu. Pali ting'onoting'ono togwira liwiro, timene sitisintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mnyamata wogwira kameneko akangosokoneza amachotsedwa pomwepo. Ndiye pali mbalule. Wa mbalule sayang'ana anzake, amayang'ana mapazi a chilombo. Chikaponda iye waponda, chikatembenuka iye watembenuka nacho, chikafuna kudula iye wadziwa kale. Nthawi zina simungadziwe kuti akutsogolera ndani pakati pa awiriwo. Chilombo chikaona kuti wa mbalule ndi mbuli chimangoima n'kumuyang'ana, kapena kuchoka m'bwalo, manyazi ake aakulu. Ine ndinagwira mpanje zaka zambiri, mbalule sindinaifike.

Ng'oma amasema pa mtengo umodzi, mlombwa ukapezeka, n'kukunga chikopa chonyowa ndi zikhomo zamtengo. Tilibe zingwe zokokera. Usiku kukazizira chikopa chimalefuka, ndiye pambali pa oimba pamayaka kamoto ka udzu, ng'oma amaiwamba pamenepo uku akuigogoda ndi chala mpaka mawu atakwera pofunika. Pakati pa chikopa amamatapo phula kuti mawu atsike ndi kunjenjemera. Ukachulutsa phula ng'oma imalankhula ngati ili ndi chimfine, ukachepetsa imauma. Zimenezi palibe anatiphunzitsa ndi pakamwa, tinkangoona.

Ndipo musaiwale amayi. Popanda amayi oimba ndi kuwomba m'manja, gule palibe. Ng'oma zokha sizikwana.

Chitelele mwachitchula chija n'choona, n'cha atsikana pa mwezi, manja ndi pakamwa basi. Ife anyamata tinkakhala chapatali ngati sitikufuna, koma maso ali komweko. Maukwati ambiri a msinkhu wanga anayambira pamenepo, ngakhale agogo ankatichenjeza kuti mwezi satungira mkanda, ukaone bwino kukacha.

Za gule wamkulu pali zina zimene sindingalembe pano. Mukakamba kumeneko, nenani zimene aliyense amaona pabwalo.

Mayi a Shakira, Nkhotakota anayankha:

Achemwali, a Gogo anena za kumtunda, ine ndinene za kuno kunyanja, chifukwa ife mwezi umatikhudza m'thumba. Ndimagula usipa pagombe n'kuyanika, ndakhala pa ntchito imeneyi kuyambira ndili mtsikana.

Usipa amaupha usiku ndi chilimira. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali, kale zinali za parafini zopopa zija, pano ambiri ali ndi mababu a batire. Usipa umatsata kuwalako n'kusonkhana, anzake n'kuzinga ndi khoka. Tsono mwezi ukakhwima nyanja yonse imawala, nyali ya siginala siionekanso kanthu, usipa umabalalika. Masiku amenewo asodzi ambiri sapita, amasoka makoka, amamata mabwato, ena amapita kukaona mabanja kwawo. Mathandala amakhala opanda kanthu ndipo mtengo wa usipa umakwera mpaka ku Lilongwe. Inu a m'tauni mukamadandaula kuti usipa wadula sabata ino, tulukani panja muyang'ane kumwamba.

Ndiye taganizani, amuna onse ali pamudzi, ndalama za mdima wathawu zili m'thumba, kunja kukuwala, mchenga uli mbee. Kugona kungabwere? Apa mpamene mabwalo ankadzaza. Amayi chioda, amuna malipenga. Malipenga ndi gule wa chisilikali, anachokera kwa amene anabwerako ku nkhondo yoyamba ya padziko lonse ija ndi gulu la asilikali la King's African Rifles, n'chifukwa chake amavala makabudula oyera ositasita, masokosi aatali, ndipo magulu awo amawatcha maboma, ali ndi maudindo ngati a asilikali. Ng'oma yake yaikulu ndi ya zikopa mbali ziwiri, yomenya ndi mtengo, ndipo mwina imeneyo ndiyo ingafanane ndi buk mukunenayo. Malipenga enieniwo ndi zikho zouma zoboola, pabowo amamatapo kanembanemba koyera ka kangaude, munthu akaimbiramo mawu amanjenjemera. Mpikisano weniweni wa maboma unkachitika masana, koma zokonzekera zinali za usiku pa mwezi. Bambo anga ankasita kabudula wawo ndi simbi yamakala okha, amayi osaloledwa kumukhudza.

Ife Asilamu mwezi timauyang'ananso pa Ramadhan ndi pa Eid, koma umenewo ndi wongobadwa kumene, si wokhwima.

Lero zasintha. Mwezi ukawala anyamata ali ku vidiyo kapena kumene kwalira sipika. Koma usipa sunasinthe, mpaka lero umathawa mwezi.

Mphunzitsi wa jogalafe, Zomba anayankha:

Ndiwonjezere chifukwa chake anzathu a kumpoto kwa dziko lapansi ali ndi mwezi umodzi wotchuka pamene ife tilibe. Si nkhani ya chikhalidwe chokha, thambo lenilenilo likutengapo mbali.

Mwezi wokhwima umatuluka pamene dzuwa likulowa. Tsiku lotsatira umachedwa, ndipo pa avereji kuchedwako ndi mphindi 50 tsiku lililonse. Koma kumaiko a kumpoto, mwezi wokhwima umene wayandikana ndi 22 kapena 23 Seputembala, pamene usana ndi usiku zimalingana, umachedwa pang'ono chabe. Ku Korea ndi pafupifupi theka la ola, ku Britain mphindi 20 kapena kucheperapo. Ndiye kwa masiku angapo otsatana dzuwa likangolowa mwezi watuluka kale, mdima supeza mpata. Kwa mlimi amene akuthamangitsana ndi chisanu kuti achotse mbewu m'munda, kuwala kumeneko kunali chuma, ndipo Angerezi anautcha Harvest Moon. Zinangokumana bwino: kukolola kwawo ndi mwezi wosachedwawo zimafika nthawi imodzi.

Kwa ife a kum'mwera zimenezi zimachitika cha pa 20 kapena 21 Malichi. Nthawi imeneyo mvula ikadagwa, kumwamba kuli mitambo, chimanga tikadaotcha chachiwisi. Komanso Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kum'mwera kwa equator, ndipo kufupi ndi equator chonchi kusiyana kwa kachedwedwe ka mwezi n'kochepa. Tikakolola mu Epulo ndi Meyi sitithamangitsidwa ndi chipale chofewa. Kutsogolo kwathu kuli miyezi yambiri yopanda mvula, thambo lili loyera. Palibe chimene chikanatikakamiza kusankha usiku umodzi.

Chinanso n'chakuti tsiku lokhazikika limafuna kalendala yolembedwa ndi boma loisunga. Miyezi 12 yakumwamba ndi masiku 354, kuperewera 11 pa chaka cha dzuwa. A ku Korea ndi a ku China amawonjezera mwezi wina wapadera pakapita zaka ziwiri kapena zitatu kuti zigwirizane, ndipo mu 2025 anawonjezera, n'chifukwa chake Chuseok inafika mpaka mu Okutobala. Usiku womwewo a ku China amadya makeke awo a mwezi, a ku Japan amachita tsukimi, mwambo woyang'ana mwezi.

Miyambo yathu ikuluikulu ya lero imatsata kalendala ya pakhoma. Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi, kumachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, mwezi uwale usawale. Mulhako wa Alhomwe amakumana kwa Chonde mu Okutobala. Mukafuna za UNESCO kuti musachepe pamaso pa anzanuwo, gule wamkulu ndi vimbuza analengezedwa mu 2005, tchopa analowa mu 2014, chaka chimodzi ndi nongak yawoyo, ndipo mwinoghe wa ku Chitipa mu 2018.

Pa mgwirizano wa gule ndi zokolola, pepani a Gogo Phiri, sindinena zambiri, koma amene anafika ku Chamare Museum ku Mua akudziwa kuti makoko a chimanga ali ndi ntchito yake ikafika nyengo ya zilombo za usiku.

Gogo Phiri wa ku Linthipe anayankha:

Aphunzitsi, za thambo mwatiphunzitsa, zikomo. Za makoko zisiyeni pomwepo. Zilombo zimachokera kumanda, ife timadziwa zimenezo.

Jere wa ku Cape Town anayankha:

Asisi, ine ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi, chifukwa mukakasaka pa intaneti za ng'oma ndi mwezi wokhwima mupeza zambiri zimene si zathu ngakhale akuti ndi za ku Africa.

Kuno kuli anthu amene mwezi ukakhwima amasonkhana kugombe, kukhala mozungulira, aliyense ndi ng'oma pakati pa miyendo. Ambiri ndi azungu ndi alendo odzaona malo. Avula nsapato, ena akuzunguza moto pa tcheni, ena atseka maso akuti akulandira mphamvu ya mwezi. Ng'oma zake ndi djembe, za ku Mali ndi Guinea, za chikopa cha mbuzi chokokedwa ndi zingwe. Ine ndimagwira ntchito pa lesitilanti ina pafupi ndi gombe, ndipo tsiku lina nditaweruka ndinaima kuti ndione. Mayi wina atamva kuti ndine wa ku Malawi anandipatsa djembe m'manja, akuti nditsogolere chifukwa zili m'magazi mwanga. Ine Mngoni wa ku Ntcheu. Ngoma yathu ndi ya mapazi, zishango ndi mawu, ng'oma yachikopa sitiidalira. Ndinagogoda pang'ono kuti ndisamukhumudwitse, iye n'kumagwedeza mutu kuti wamva za makolo.

Sindikuwanyoza, akusangalala ndipo salakwira munthu. Amati gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Koma kusiyana kulipo. Pamene paja aliyense amaimba zake, palibe nyimbo, palibe wovina amene ng'oma ikumutsata, palibe wochotsedwa chifukwa wasokoneza. Zimene a Gogo afotokoza zija ng'oma iliyonse ili ndi malo ake, ndipo pali chifukwa chimene anthu asonkhanira: wina wamwalira, wina wakula, wina walowa ufumu. Mwezi unali nyali chabe. Sindinamvepo munthu kwathu akuimbira mwezi weniweniwo ng'oma.

Ngakhale kwathu komweko, pitani ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay muone ng'oma zimene anyamata a ziboliboli akugulitsa. Zambiri ndi za maonekedwe a djembe, chifukwa ndi zimene mlendo amazidziwa. Mwana wobadwa lero adzakula akuganiza kuti imeneyo ndiyo ng'oma ya Chimalawi.

Nabanda_Gwangju anayankha:

Zikomo nonse, mwandipatsa zoposa mphindi 20. A Gogo, nkhani ya mowa kukumana ndi mwezi uli pamutu ndinaimbira amayi kuwafunsa, avomera, ndipo awonjezera kuti agogo anga aakazi ankakana kuika ukwati wa mwana wawo aliyense pa mdima. Mayi a Shakira, za usipa ndikayamba nazo, chifukwa anthu a ku Haenam ndi a kunyanja nawonso ndipo asodzi a nyamayi kuno amagwiritsa ntchito magetsi amphamvu pa mabwato awo usiku. Adzamva msanga.

A Jere, pa mfundo yanu yoti mwezi unali nyali chabe, kuno n'kosiyana pang'ono. Usiku wa Chuseok anthu amauyang'ana mwezi weniweniwo n'kunena zofuna za mtima wawo, ndipo ana amauzidwa kuti m'mwezimo muli kalulu akusinja mumtondo. Ine agogo ankandiuza kuti muli mayi wobereka mwana atasenza nkhuni. Ndinayesa kumupeza mayiyo ndili ku Haenam koma sanaoneke bwino, ndipo ndikuganiza kuti aphunzitsi atiuza kuti n'chifukwa choti kuno mwezi timauona mopendekeka mosiyana ndi kwathu.

Koma ndisakunamizeni kuti kuno zonse zili moyo ngati kale. Amayi amene ndinawaona akuvina aja ambiri ndi a zaka za m'ma 60 ndi 70. Wotsogolera nyimbo anali ndi maikolofoni, pabwalo panali magetsi owala kuposa mwezi, ndipo achinyamata amene anabwera kuchokera ku Seoul anaima pambali akujambula ndi mafoni. Midzi ya kuno yatsala ndi okalamba. Chimene chinapulumutsa magule awo n'chakuti boma linawaika pansi pa chitetezo cha lamulo kuyambira mu 1966, pali mabungwe owasunga, ndipo akatswiri ake amalandira thandizo kuti aziphunzitsa. Mu 1978 Kim Duk-soo ndi anzake anatenga zida zinayi zija n'kukhala nazo pansi pa siteji mu Seoul, n'kuzitcha samulnori, ndipo zimenezo ndi zimene dziko lakunja limadziwa kwambiri. Mphunzitsi wathu wa janggu amati zimenezo n'zokoma kumvera koma pungmul yeniyeni ndi ya pabwalo, ya fumbi. Ine pamenepa ndili pakati. Ndimasirira kuti mwana wa ku yunivesite kuno akhoza kulowa kagulu n'kuphunzira ng'oma ya makolo ake popanda womuseka kapena womunena kuti wayamba zachikunja. Koma gule wamkulu ku Dedza sakudikira ndalama ya boma kuti atuluke, akadali ndi ntchito pamudzi, ndipo sindikudziwa ngati ndingasinthanitse zimenezo ndi siteji.

Ndaganiza kuti ndikatha kukamba ndidzawaphunzitse nyimbo imodzi ya chitelele, popeza siifuna chida, ndipo mwina tidzayese kamayimbidwe ka chimtali pa buk ziwiri ndi janggu. A Gogo, kodi zimenezo zingalakwike? Ndipo alipo amene angandijambulire mawu a ng'oma za chimtali, iliyonse payokha, kuti ndimve bwino mmene zimalowerana?

Gogo Phiri wa ku Linthipe anayankha:

Chitelele ndi chimtali phunzitsani, palibe mwambo woletsa. Nyimbo za kubwalo la gule zisiyeni, ngakhale zimene munazimva pa wailesi. Akazi anga ali m'gulu la chimtali la pamudzi pano, amakumana Loweruka masana. Ndiuza mdzukulu wanga ajambule pa foni, ayambe ndi yaing'ono yogwira liwiro, kenaka yaikulu, kenaka zonse pamodzi ndi nyimbo. Nditumizireni nambala yanu kumbali kuti adzakuponyereni pa WhatsApp. Koma amayiwa sajambulidwa ulele, mudzawatumizire ya sopo. Ndipo poyamba anzanuwo asagwire mitengo ija, ayambe ndi manja.